Tinazira Nyumba ndi Nsenga za Batire

Ntchito ya mabatire inandipeza ndili pamzere wa kuchigayo. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, aliyense akulankhula mokweza ngati pakamwa pangotsekulidwa kumene. Ine ndinali nditatsika kwathu ku Ligowe kudzakhala chikamwini kufupi ndi Matope, kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Munda unali wa apongozi, nyumba ndinamanga pamalo a apongozi, changachanga chinali mwana wamkazi mmodzi ndi manja awiriwa basi. Tsiku limenelo lamba wa chigayo anaduka, anthu n'kumangoyang'anana. Ine ndinapempha waya n'kumulumikiza. Kumbuyo kwa chigayocho kunali kashedi ka malata akutha, ndipo mwini kashediko, a Zagwa, ankandiyang'ana atatsamira chitseko.

"Iwe, manja akowo ali ndi ntchito?" anandifunsa.

Ndinati alibe.

"Mawa ubwere. Uvale zosamvetsa chisoni zikabooka."

A Zagwa anali munthu wamkulu ndithu, wowonda, wosachedwa kupsa mtima. Unyamata wawo wonse anathera m'magalaja a ku Halale, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira kuukitsa batire lakufa la galimoto. Dzanja lawo lamanja linali lolendewera pamkono, moti kuti agwire sipanala ankayamba alidzutsa ndi linzake. Ankati ndi nyamakazi. M'mimba namonso munkawapota kawirikawiri, n'kumanyambita soda. Palibe amene ankaganiza kuti zimenezi zikukhudzana ndi ntchito, ngakhale iwo eni.

Nyengo imeneyo batire linali mfumu. Magetsi ankangotidutsa pamwamba pa mitu m'mawaya akuluakulu opita kutauni. Koma munthu aliyense ankafuna wailesi yake ilire tsiku lonse kuti amve amene watukwana mnzake lero. Anyamata anatsegula nyumba zoonetsera mavidiyo, a zipani ankafuna zimkuzamawu pamisonkhano, a mipingo nawonso osafuna kutsalira. Zonsezi zinkadya batire la galimoto, ndipo latsopano linali la anthu olemera. Ndiye anthu ankabwera ndi mabatire akufa kushedi kwathu, atamangirira panjinga, ena kusenza pamutu kuchokera kumapiri a Midzemba.

Batire ndi bokosi lotseka, la zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo vuto la ntchito yathu linali lakuti sungaone m'kati. Tinkayamba ndi kupima. Tinali ndi chopimira chagalasi chokhala ndi kampira kumutu. Ukafinya kampirako n'kuyamwa asidi wa m'chipinda chimodzi, kachitsotso ka m'kati kankayandama kapena kumira, n'kukuuza ngati chipindacho chili moyo. Kenako a Zagwa ankagunditsa waya wonenepa kumitu iwiri ya batire, ine nditasuzumira m'mabowo. Chipinda chimene chayamba kuwira chinali chodwalacho. Kupitirira pamenepo kunali kungoganizira. Kuti udziwe zenizeni umayenera kung'amba.

Tinkakhuthulira asidi m'chidiramu chapulasitiki, n'kudula chivindikiro ndi hakiso kapena mpeni wootcha pambaula. Ukazula za m'chipinda umapeza mapuleti atathithikana, ena otuwa, ena ofiirira, pakati pawo pali timapepala towalekanitsa. Ofiirirawo ndi amene ankayamba kufumbutuka. Tinkachotsa oola, n'kuikamo abwino ochokera m'mabatire ena akufa, n'kuwalumikiza ndi mtovu, chitsulo chofewa cholemera chija chimene ife pantchito tinkangochiti ledi. Mtovuwo tinkausungunula m'chitini pambaula, ine ndikupemerera moto, utsi wake wotsekemera pang'ono ukundilowa m'mphuno. Mitu yatsopano tinkaumbira m'kachidutswa ka paipi. Tikatseka ndi phula lotentha, tinkathira asidi wosakaniza ndi madzi amvula, n'kukalitchaja pa olitaneta ya lole, chopangira magetsi chija, imene inkazungulira ndi injini ya chigayo. Batire likatuluka pamenepo n'kulizitsa wailesi, mwini wake ankaseka ngati wauka ndi m'bale wake.

Ntchitoyi ndinaikonda, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba anthu ankandiitana ndi dzina langa, a Lakisoni, osati mkamwini wa kwa uje.

Malamulo a a Zagwa onse anali okhudza asidi. Usathire madzi mu asidi, thira asidi m'madzi. Usasute pafupi ndi batire limene likutchajidwa. Akakudonthera pakhungu, thamangira phulusa ndi madzi. Ankakalipa zedi ukaphonya. "Asidi alibe chibale," ankatero. Ndipo zinali zoona, chifukwa buluku langa loyamba linasanduka ukonde sabata isanathe. Asidi tinkamuopa chifukwa amaluma pomwepo. Mtovu sunkaluma. Tinkaugwira ndi manja, n'kudya chinangwa ndi manja omwewo. Wotsala tinkagulitsa kwa asodzi a mu Shire kuti azilemeretsera maukonde, ndipo amayi ena ankabwera ndi mapoto obooka kuti tiwamatire.

Pansi pa chipinda chilichonse cha batire lakale pamakhala zimene tinkazitcha nsenga. Ndi phala lofiirira modera, losalala, lopangidwa ndi zofumbutuka za mapuleti aja. Tikamatsuka bokosi tinkazitaya m'dzenje kuseri kwa shedi. Amene anazipezera ntchito ndi akazi a a Zagwa. Kudera lakumunsiko dothi ndi lamchenga, lotuwa, ndipo dothi lakuda lozirira nyumba amayi ankalitenga kutali kudambo. Mayi Zagwa anayesa kusakaniza nsenga zija ndi dothi wamba. Sanali mayi wopusa ayi. Ankayamba azitsuka ndi madzi aphulusa mpaka zitasiya kuchita thovu, kuti ukali wa asidi ufe, n'kuyesa ndi chala kuti aone ngati zikuluma. Zikapanda kuluma ndiye kuti zakhala bwino. Akazira n'kukulungiza ndi mwala, pansi pankauma gwa, pofiirira, ponyezimira ngati pa simenti yopaka polishi. Chiswe sichinkabwera, nyerere zinkakhota, utitiri unkatha. Ana awo anali akuluakulu, okhala kutauni, ndiye m'nyumba mwawo munalibe wokwawa.

Mbiri inamveka. Amayi anayamba kubwera ndi timabeseni kudzapempha, ndipo Esinati, pokhala mkazi wa wantchito, ankapatsidwa poyamba. Anazira m'nyumba monse ndi khonde lomwe. Ndikukumbuka anzake a kumpingo ataima pakhomo akuvula nsapato asanaponde, iye akumwetulira monyada. Inenso ndinanyada. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mwana wathu tinamutcha Tamasuka, chifukwa anabadwa nthawi imene aliyense ankatero. Panthawiyi anali atayamba kuyenda koma ankakondabe kukhala pansi. Anali wolongolola kuposa msinkhu wake. Ankadziwa kuitana nkhuku, kunena kuti madzi, kunena kuti ayi, ndipo ine ankanditcha Tile, chifukwa ankamva anthu akuti bambo a mabatire. Monga ana onse, ankakonda dothi. Pomwe khoma likumana ndi pansi ankakanda ndi kachala, n'kuika m'kamwa. Amake ankamumenya padzanja mwachizolowezi, osati mwamantha. Ndi mwana uti amene sanadyepo dothi?

Kudwala kunayamba pang'onopang'ono. Anasiya kudya. Ankalira popanda chifukwa, n'kumadziguguda pamimba. Chimbudzi chinkamuvuta masiku ambiri, m'zikhato n'kuyera mbee. Tinapita naye kuchipatala chaching'ono chakufupi, anamupatsa mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa kwathu kuno mwana wotere amakhala wa malungo nthawi zambiri. Anachira pang'ono titamugoneka kumeneko, koma titabwerera kunyumba zinayambiranso. Tsopano ndimadziwa chifukwa chake.

Apa m'pamene apongozi aakazi analowererapo. Sanandiuze pamaso, paja mpongozi salankhula maso ndi maso ndi mkamwini. Ankalankhula ali kuseri kwa nkhokwe, mokweza kuti ndimve.

"Mwana wofooka chonchi n'ngosemphedwa ameneyu. Munthu akayamba kugwira tindalama kumsika, amaiwala kuti kunyumba kuli khanda."

Ankatanthauza kuti ndayenda ndi mkazi wina, ndipo chigololo changacho ndicho chikudwalitsa mwana. Esinati anandifunsa tsiku lina tikupalira, osandiyang'ana.

"Bambo a Tama, ngati chilipo ingonenani. Sindikusiyani ayi. Tingopeza mankhwala mwana achire."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinaponya khasu n'kuchoka. Chinandiwawa si kunamiziridwako kokha, koma kuona kuti mkazi wanga akulakalaka nditalakwa, chifukwa tsempho lili ndi mankhwala ake, pomwe matenda opanda dzina alibe.

Tsiku loipalo linali la msika. M'mawa ndinali nditangodula chivindikiro cha batire lalikulu la lole, manja ali bii, pamene ndinamva Esinati akukuwa dzina langa kuchokera kumsewu. Ankathamanga wopanda mpango kumutu, mwana ali m'manja. Tamasuka anali ataumirira ngati thabwa, maso atatembenuka, nsagwada zitalumana, kadzanja kakugwedezeka kokha. Anali atasanza pachifuwa cha amake. Ndinamulanda ndi manja anga omwewo, osasamba.

Kuchipatala chaching'ono anamubaya jakisoni, kukomokako kunaleka, koma mwana sanadzuke bwinobwino. Adokotala a pamenepo anagwira kamimba kake kotupa, kolimba, n'kupukusa mutu. Anati mwina matumbo atsekeka, tipite kuchipatala chachikulu ku Blantyre msangamsanga. Ambulansi panalibe. A Zagwa, ndiwathokoze pa ichi, anaimitsa lole ya makala ya kasitomala wawo n'kumuuza kuti batire lake akonza ulere akatinyamula. Tinakhala pamwamba pa matumba dzuwa likuswa mtengo, Esinati ataphimba mwana ndi chitenje, ine ndikumugwira phazi kuti ndizimva ngati likutenthabe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Madokotala atamuona mwana anati akajambulidwe m'mimba. Chipinda chojambulira chinali chozizira, chokhala ndi chimakina cholendewera kudenga. Wojambulayo anali mayi wachikulire wosalankhula zambiri. Anati mwana agwiridwe kuti asagwedezeke, n'kundiveka chovala cholemera kwambiri chofika m'mawondo. Kulemera kwake ndinakudziwa nthawi yomweyo.

"Muli mtovu umu eti?" ndinafunsa.

"Eya. Kuwala kwa makinawa kumapyola mnofu, koma pa mtovu sikudutsa. N'chifukwa chake tikukuvekani."

Tinadikira pabenchi. Kenako anatiitana kwa dokotala wina wamng'ono, wa kumpoto malinga ndi kalankhulidwe kake. Anapachika chithunzi pagalasi lowala. Ndinaona nthiti za mwana wanga, tating'ono ngati minga ya nsomba, ndi msana wake. M'munsimo, m'matumbo, munali timadontho toyera kwambiri, tambirimbiri, toyera kuposa mafupa. Dokotalayo anayang'ana nthawi yaitali. Anatumanso kuti akajambule mawondo, ndipo chithunzi chachiwiricho chinaonetsa mizere yoyera yopingasa kumapeto a mafupa.

"Mwanayu wameza chiyani? Mikanda? Utoto?"

Esinati anati palibe, amangodya dothi ngati ana onse.

Dokotala anatembenukira kwa ine, n'kuyang'ana manja anga ndi buluku lobookabooka. "Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ya mabatire."

"Tayasamulani."

Anandikweza mlomo ndi chala, n'kuitana namwino kuti adzaone. M'mphepete mwa nkhama zanga munali mzere wotuwa umene ine ndinkauyesa litsiro la fodya. Koma ine maso anali pachithunzi chija. Mawu a mayi wojambula uja ankabwerera m'mutu: pa mtovu sikudutsa. Palibe anachita kundimasulira. Timadontho tija ndinatidziwa. Zinali nsenga za batire, zimene ndinkatsuka tsiku ndi tsiku, zili m'mimba mwa mwana wanga.

Esinati ndi amene anafotokoza za kuzira. Anafotokoza zonse, phulusa, thovu, kuyesa ndi chala, ngati munthu amene akufuna amve kuti anachita bwino. Dokotala sanamukalipire. Anangoti mtovu suwawa ndipo phulusa siliupha, umalowa m'magazi n'kukwera ku ubongo, ndipo kwa mwana umaononga msanga kuposa kwa wamkulu. Anati ayesetsa kutulutsa zili m'matumbo ndi kuletsa kukomoka, koma zimene zafika kale kumutu sangalonjeze.

"Mwana asakalowenso m'nyumba imeneyo," anatero.

Esinati anakhala pansi pomwepo, pasimenti, n'kuyamba kupukuta zikhato zake pachitenje mobwerezabwereza. Ine ndinaima njo. Ndinalibe womukalipira, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa china chilichonse.

Ndinawasiya m'chipatala n'kubwerera kumudzi mawa lake. Ndinatulutsa katundu yense, n'kutenga khasu. Pansi paja panali polimba moti khasu linkadumpha. Ndinakumba nyumba yonse ndi khonde mpaka kufika dothi lotuwa, n'kukakwirira zonse m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Anthu anasonkhana akuti mkamwini wapenga. Apongozi anaima patali akuonerera. Za tsempho sanazitchulenso, komanso sanapepese.

Ndinapita kwa a Zagwa fumbi likadali m'mutu. Ndinawauza zonse, za mwana, za nkhama zanga, za dzanja lawo.

"Iwe, ine ndagwira ledi usanabadwe," anatero. "Ndafa?"

Anafuna kundiloza ndi chala, koma dzanja linakana kudzuka. Tonse awiri tinaliyang'ana. Anatembenuka n'kulowa m'shedi, ndipo ine sindinalowemonso. Dzenje la nsenga analikwirira sabata yomweyo, koma shedi sanatseke, chifukwa analibe ntchito ina. Mayi Zagwa analira kwambiri, n'kuyenda nane nyumba ndi nyumba kuuza amayi amene anatenga. Ena anakumba. Ena anati pansi pokongola chonchi sangaononge chifukwa cha mwana wa eni wodwala khunyu.

Tamasuka sanafe. Tinamutenga n'kukwera naye kwathu ku Ligowe, apongozi osatsutsa. Koma mwana amene tinabwera naye sanali wolongolola uja. Mawu ake anapita. Nkhuku sanaziitanenso, ndipo ine sananditchenso Tile. Analankhulanso patapita zaka, pang'onopang'ono. Sukulu yaulere imene tinkaivinira nthawi ya zipani ija anaiyamba, koma anakhala m'kalasi yoyamba mpaka anzake atafika kusekondale, kenako tinangomusiya. Lero ndi mayi wamkulu, amakhala nafe. Amatunga madzi, amasesa, amaseka ndi ana. Sangawerenge dzina lake, ndipo kukomoka kumamubwererabe mwa apo ndi apo.

Chaka chatha kunabwera mwana wa mlongo wanga amene anaphunzira za sayansi. Podziwa mbiri yanga, anandionetsa kanema pafoni. Akuti kumaiko akutali kuli chinyumba chozungulira, chachikulu kuposa bwalo la mpira, dzina lake sinkulotuloni. M'menemo amathamangitsa tizidutswa ta magetsi mozungulira mpaka titulutse kuwala kwa mtundu womwe uja wojambulira m'chipatala, koma kwamphamvu kwambiri. Amaika batire patsogolo pake n'kumaonera m'kati likugwira ntchito, osalitsegula. Amaona pomwe payamba mng'alu, pomwe zopaka pamapuleti sizinagwire bwino, n'kukauza a fakitale kuti asinthe kapangidwe. Ndinaonera kawiri. Ndinaganiza za hakiso wathu uja, ndi mabatire onse amene tinang'amba pongofuna kudziwa chimene chavuta.

"Malume, mukanakhala nacho chimenechi, bwenzi ntchito ikuphweka eti?" anatero mnyamatayo akuseka.

Ndinamuuza kuti n'zabwino, apitirize, aone zonse zili m'katimo lisanafike m'manja mwa anthu. Koma ndinamufunsanso ngati makinawo amaona kumene batire limapita likafa. Anati zimenezo ndi za anthu ena. Sindinamutsutse. Ine m'kati mwa batire ndinaonamo kale ndi kuwala komweko, ndipo chithunzi chake chinali ndi nthiti.

Chimene ndinatenga pantchito imeneyo n'chimodzi: pantchito iliyonse, choluma pomwepo sichivuta, chifukwa thupi limachithawa lokha. Uziopa chimene chimalola kuti uchigwire, upite nacho kunyumba. Masiku ano mabatire a sola ali khomo lililonse, ndipo akafa amangotayidwa kuseri. Ndikaona losweka ana akuseweretsa, ndimalowa pakhomopo ngakhale sanandiitane, n'kukalipa mpaka alikwirire. Amanditcha wamisala wa mabatire. Zilibe kanthu, wamisala anaona nkhondo.

Nyumba yathu ya ku Ligowe pansi pake ndi dothi lofiira wamba, losazira. Kuchokera tsiku lija Esinati sanagwirenso mwala wokulungizira. Amayi anzake amamunena kuti ndi waulesi. M'mawa uliwonse Tamasuka amasesa, fumbi n'kukwera, ndipo nthawi zina amaima n'kufunsa amake chifukwa chake kwathu kokha pansi sipawala ngati kwa anzathu. Amake amati, "Sesa, mwanawe," n'kutuluka panja.